Mbale ya Mpunga Pansi pa Bulangete

Mayi uja anatsika basi ya masana, ndipo sanafunse njira kwa munthu aliyense.

Yun-sil anali chinyonyomalire pabwalo pamene anamuona, manja ali m'beseni la madzi a mchere, mulu wa kabichi woti adye nyengo yonse yozizira uli pambali pake. Basi inachedwa kunyamuka, monga inkachitira nthawi zonse ikafika pakhomopo. Woyendetsa wake, bambo Gil, anali ndi chizolowezi chosuzumira pamwamba pa mpanda ngati munthu amene anataya kanthu m'bwalomo kalekale. Masiku ena Yun-sil ankadzutsa mutu n'kumwetulira, kenako n'kukhala tsiku lonse akulota za basi yosaima paliponse mpaka kunyanja. Koma tsiku limeneli analibe kumwetulira koti n'kugawira munthu. Mkwiyo unali utamudzaza mpaka pakhosi.

Mlendoyo anali wachikulire, wa tsitsi loyera lodula lalifupi, atavala chikhoti chotuwa, kachikwama kali m'khwapa. Anayenda molunjika mpaka pageti. Geti limenelo linali ndi khalidwe lake: ukangolikankha silitseguka, umayenera kulinyamula kaye pang'ono. Ngakhale wa positi anali asanalizolowere. Koma mayiyu analinyamula asanalikankhe, osaliyang'ana n'komwe, ngati anatulukira pomwepo m'mawa.

"Mukufuna ndani?" anafunsa Yun-sil.

Mlendoyo anayang'ana denga, anayang'ana khomo la khitchini nthawi yaitali, kenako maso ake anatsikira m'beseni.

"Mchere wachepa," anatero. "Kabichi ameneyu awola kuzizira kusanathe."

Anavula chikhoti n'kuchipachika pachingwe choyanikira zovala, anapinda manja a bulauzi, nayenso n'kunyonyomala. Anatenga kabichi, nacheka patsinde pokha, kwinako n'kung'amba ndi manja kuti masamba asayoyoke. Mchere ankauponya pakati pa masamba, poyera pokhapokha, ndi kagwedezedwe kena ka dzanja komwe Yun-sil anakaonapo kwa munthu mmodzi yekha padziko lapansi: Amayi ake, manja awo asanafooke.

"Ngati mwabwera kudzaona nyumba, bwererani komwe mwachokera. Sikugulitsidwa."

"Ndamva."

"Ndinu a kunyumba yosamalira okalamba?"

"Ndikuoneka ngati nesi ine?"

"Nanga ndinu ndani? Munthu amangolowa pakhomo pa eni n'kuyamba kunyoza mchere?"

"Uzingoti mayi a ku Busan. Onse amatero. Ndipatse mpeni winawo, uwu ndi wobuntha ngati mutu wa mchimwene wako."

Yun-sil anafuna kumuthamangitsa, koma munthu wonyoza mutu wa mchimwene wake sakanamuthamangitsa tsiku limenelo. Anamupatsa mpeniwo.

Nkhani ya nyumbayo inali motere. Amayi anali atakalamba kwambiri, ndipo nzeru zawo zinkatuluka pang'onopang'ono ngati madzi a mumtsuko wong'aluka. Chigwereni kubafa, miyendo yawo inakana, ankangodzikhwekhwereza pansi. Yun-sil, mwana wotsiriza, wobadwa makolo atakula kale, anasiya ntchito yake yogulitsa nsalu ku Daegu n'kubwerera kumudzi "kwa miyezi yochepa chabe." Miyezi yochepayo inadya utsikana wake wonse wotsala. Ankawasambitsa, kuwasintha matewera, kuwatembenuza, kuwanyamula, mpaka msana wake nawonso unayamba kukana. Dokotala anamuuza mosabisa mawu kuti akapitiriza, m'nyumbamo mugona odwala awiri opanda wowadzutsa.

Malo anapezeka kunyumba yosamalira okalamba ya m'tauni, yaukhondo, ya mawindo oyang'ana kuphiri. Boma limalipirako gawo lalikulu, koma gawo lotsala, la chakudya ndi zina, ndi la abale, mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku lomwe palibe amene amafuna kulitchula. Ndipo a kumeneko anachenjezeratu kuti banja likachedwa kuyankha, bedi apatsa wina.

Mchimwene wake wamkulu, Tae-gon, anayankha pafoni ali ku Seoul, mawu ali osalala ngati mafuta: "Tigulitse nyumba." Nyumba yomwe Yun-sil ankagonamo, yokhayo imene anali nayo. Za minda ya mpunga ya kutsidya kwa mtsinje sananenepo kanthu, chifukwa minda inali yake. Malemu bambo ananena ali moyo, pamaso pa onse, kuti minda ndi ya mwana wamwamuna woyamba, popeza iyeyo ndiye adzasunge makolo ndi kuwaperekera nsembe akadzamwalira. Tae-gon minda anatenga. Makolo anasiyira mlongo wake.

Ndiye panalinso mbale ija.

Nthawi iliyonse mpunga ukapsa, Amayi ankayamba adzaza mbale yachitsulo yachivindikiro, n'kuibisa pansi pa bulangete, pakona ya chipinda pomwe pansi pamatentha kwambiri ndi moto wa kukhitchini. Umu ndi mmene amachitira mayi amene mwana wake ali kutali: mbale yake ikakhala yodzaza kunyumba, iye sagona ndi njala kulikonse kumene ali. Aliyense ankadziwa kuti mbaleyo ndi ya Tae-gon, ndipo mwiniwakeyo ankadzitama nayo pamaphwando. Amayi anali ataiwala dzina la mudzi, ataiwala kuti mwamuna wawo anamwalira, Yun-sil ankangomuitana kuti "nesi", koma mbale sanaiiwale ngakhale tsiku limodzi. Ndipo m'mawa uliwonse wodya mpunga wogonawo, wouma m'mphepete, anali Yun-sil, chifukwa mpunga satayidwa. Ankameza mpunga wa mchimwene wake pamodzi ndi mkwiyo, ndipo zonse ziwiri zinkamutsamwa.

Awiriwo anagwira ntchito mpaka dzuwa linapendeka, osalankhulana zambiri. Yun-sil ankangomuyang'ana mlendoyo mobera. Iye anali munthu wokonda mabuku a zachikondi, moti mutu wake unayamba kuluka nkhani wokha. Mwina uyu ndi mkazi wachinsinsi wa malemu bambo, amene anakalamba akudikira padoko. Mwina ndi chibwenzi chakale cha Tae-gon chimene chabwera kudzabwezera. Nkhani yachiwiriyi ndi imene inamukomera. Koma manja a mayiyo sanali a m'mabuku. Anali ong'aluka, odzaza zipsera za mipeni ndi za madzi ozizira, manja a munthu amene watumbula nsomba moyo wake wonse.

"Mayi ako ali kuti?" anafunsa mlendoyo osadzutsa mutu.

"Akugona."

"Amadya?"

"Ndikawadyetsa."

"Amamenya?"

"Amatsina."

Mlendoyo anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Kutsina ndiye amatha kuyambira kale."

"Mukuwadziwa?"

Hutala inalira kunja mayiyo asanayankhe. Galimoto yakuda yonyezimira inali itaima pageti, ikudikira woti atsegule. Palibe amene anadzuka. Tae-gon anatuluka yekha, nakankha geti, geti linakana, nalimenya ndi phewa akutukwana mpaka linalola. Anali atanyamula bokosi la maapulo lomanga ndi riboni.

"Yun-sil! Geti ili sungalikonzetse? Wogula akaliona atsitsa mtengo. Nanga kabichi yenseyu ndi wa chiyani? Mwezi wamawa muno simukhala munthu."

Pomwepo anaona mlendoyo. Bokosi linapendekeka m'manja mwake, maapulo n'kuyamba kugubuduka pabwalo.

"Ndinati mutumize papositi," anatero motsitsa mawu. "Ndinati musavutike kubwera."

"Wanenepa, Tae-gon," anatero mlendoyo akupukuta manja. "Mamina aja anasiya kutuluka?"

Yun-sil anamva tsitsi likunyerenyesa. Mchimwene wakeyo anali bwana wa anthu ambiri ku Seoul, wa imvi m'mutu, ndipo kupatula Amayi panalibe munthu wamoyo amene ankamunena kuti iwe.

"Achimwene, awa ndani?"

"Awa? Ndi a ku... a ku ofesi yoona za malo. Abwera kudzachitira umboni."

"Eya," anatero mlendoyo. "Umboni ndiye ndabwera nawo wambiri."

Anavula nsapato pakhonde n'kulowa. Anakhala pansi mozungulira tebulo lalifupi, chitseko cha chipinda cha Amayi chili chotseka kumbuyo kwawo. Tae-gon anayala mapepala, natsegula kachitini ka inki yofiira yodindira.

"Dinda apa ndi apa, tithane nazo. Ndikufuna ndibwerere kusanade."

"Ndikadinda, ndikagona kuti?"

"Upeza kachipinda ka lendi ku Daegu. Uli wekhawekha, ulibe mwana, ulibe mwamuna. Nyumba yonseyi ya chiyani?"

"Ndilibe mwamuna chifukwa amuna safunsira mkazi wonunkha matewera a amayi anu!"

"Usakweze mawu, Amayi akugona."

"Lero ndiye mwadziwa kuti Amayi amagona? Mukudziwa mbali imene ili ndi zilonda? Mukudziwa chimene amalira akamasamba? Inu mumabwera pachikondwerero cha zokolola mutanyamula maapulo. Munthu alibe dzino ndi limodzi lomwe, inu maapulo! Mumajambulitsa nawo chithunzi kuti anzanu aone, n'kuthawa tiyi asanazizire."

"Ine ndili ndi ana kuyunivesite, ndili ndi nyumba yoti ndimalize kulipira. Ukuganiza kuti ndalama ndimathyola mumtengo?"

"Mumakolola m'minda ya bambo!"

"Minda ndi yanga. Bambo ananena, iwe ulipo."

"Ananena kuti minda ipite kwa wosunga makolo. Ndiye tandiuzani, abwana, wosunga makolo muno ndani?"

Tae-gon anamenya tebulo, kachitini ka inki n'kudumpha.

"Tamvera, iwe. M'thumba langa simutuluka kanthu, olo kandalama ka won imodzi. Ngati sukufuna kudinda, usadinde. Bedi lija apatsa wina, ndipo uziwanyamula wekha mpaka msanawo uduke. Sankha."

Yun-sil anayang'ana chitseko cha chipinda. Dzulo lake msana unamugwira ali pakati powanyamula Amayi, ndipo onse awiri anagwa n'kukhala chigonere pansi, nkhalamba ikumutsina, iye akulira, wopanda womuitana. Anadziwa kuti tsiku lina adzagwa osadzukanso, Amayi n'kufera pambali pake ndi ludzu. Mchimwene wake nayenso ankadziwa zimenezo. N'chifukwa chake anali atapinda manja n'kumangodikira. Yun-sil anatulutsa chidindo chake chamtengo, cholembedwa dzina lake, m'thumba la epuloni, nachikanikiza mu inki mwamphamvu ngati akukanikiza diso la munthu. Misozi yomwe inkatsika sinali yachisoni. Dzanja linafika pamwamba pa pepala.

"Dikira."

Zala zozizira, zokhakhala ndi mchere, zinamugwira pamkono. Ndi dzanja linalo mlendoyo anatsegula kachikwama kake, natulutsa kathumba kansalu kakang'ono n'kukaika patebulo. Kaonekedwe kake kankaonetseratu chimene chili m'katimo.

"Chidindo cha mlendo chikufuna chiyani panyumba ya bambo anga?" anafunsa Yun-sil.

"Mufunse mchimwene wakoyo chifukwa chake anachita kulemba munthu ganyu yondifunafuna m'misika yonse ya nsomba ya ku Busan. Mufunsenso za pepala lachiwirilo, limene akuliphimba ndi chigongono."

Tae-gon anakanikiza pepalalo ndi chigongono, khosi lili psuu. Mlendoyo anatembenukira kwa Yun-sil.

"Ndikuuze ine. Bambo anamwalira zonse zili m'dzina lawo, nyumba ndi minda yomwe. Mawu a pakamwa si chidindo. Boma silimva za mwana wamwamuna woyamba, limafuna zidindo za ana onse. Cha Amayi ali nacho kale m'thumba. Tsopano kutsidya kwa mtsinje kukubwera msewu waukulu, ndipo mindayo yakwera mtengo. Pepala loyamba likugulitsa nyumba yako. Lachiwiri likupereka minda kwa iye yekha. Popanda chidindo chako ndi changa, sangagulitse ngakhale dothi lodzaza dzanja."

"Ana onse," anatero Yun-sil pang'onopang'ono. "Koma tilipo awiri."

"Atatu."

Kunja mphepo inkagwedeza chikhoti chotuwa chija pachingwe, ngati munthu amene akufuna kulowa koma akuopa.

"Ndinachoka muno iwe usanabadwe," anatero mayiyo. "Uyu ankafunika sukulu ya m'tauni, nsapato, chikwama. Bambo anandiperekeza ku Busan kukagwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera ndili kamtsikana, ndipo malipiro anga a zaka zambiri analandiriratu. Kumeneko sanafunse n'komwe dzina langa. Ankandiitana dzina la wantchito amene anachoka, kuti asavutike kuphunzira lina. Tsiku lina atandimenya kwambiri ndinathawa. Ndinafika pageti ilo kuzizira kuli koopsa, mapazi atachita dzanzi. Bambo anaima pamenepo n'kunena kuti, 'Ndalama za eni tinadya kale. Bwerera. Ukapanda kubwerera, ndilibe mwana wamkazi.' Kwa mabwana aja sindinabwerere. Kunonso sindinabwerenso. Ndipo dzina langa analetsa kulitchula m'nyumba muno."

Anatembenukira kwa Tae-gon.

"Iwe unali pakhonde, utavala nsapato zatsopano. Unandiona."

"Ndinali mwana!"

"Unakula. Wandikumbuka liti? Utafuna chidindo. Ndipo ngakhale pamenepo sunafune kuona nkhope yanga, unati nditumize papositi, ngati nsomba zouma."

"Ndinakulonjezani kangachepe..."

"Kangachepe kakoko ukagule mpango wa mamina. Sukulu yako ndinalipira ine kamodzi, ndi msana wanga. Sindikulipiriranso kachiwiri ndi denga la mwana uyu. Chidindo changa chidinda pepala limodzi lokha, lonena kuti minda ilipira bedi la Amayi mpaka mapeto, ndipo nyumba ndi ya Yun-sil. Zotsala za mindazo udye wekha, ine sindizifuna."

Yun-sil anayang'ana chidindo chomwe chinali m'dzanja lake, inki ikadali yaiwisi. Kamtengo kakang'ono ngati chala. Zaka zonsezi ankaganiza kuti bambo akanena, nkhani yatha, ndipo kuti iye m'banjamo alibe china koma msana. Kwa nthawi yoyamba anamva kuti kamtengoko n'kolemera. Anakapukuta pang'onopang'ono paepuloni, nakabwezera m'thumba.

"Changanso chidikira pepala lomwelo," anatero.

Tae-gon anadzuka ngati walumidwa ndi mavu.

"Mwapangana eti! Wina anathawa pantchito, wina ndi mbeta yokalamba, lero mukufuna kundiphunzitsa ine? Ine ndine mwana wamwamuna wa nyumba ino! Amene adzaperekere nsembe makolo ndine! Funsani Amayi kuti mumtima mwawo muli ndani. Amasungira ndani mpunga tsiku ndi tsiku? Ndinu? Iwe Yun-sil, umawasambitsa, koma dzina lako akulidziwa? Ine mbale yanga sinazizirepo chichokereni muno!"

Mawu amenewo anamulasa Yun-sil pabala penipeni.

Chitseko cha chipinda chinasuntha. Amayi anali pansi, atadzikhwekhwereza mpaka pakhomo, tsitsi lili nyankhalala, maso ali ofiira ndi tulo.

"Nesi, phokoso limeneli ndi la chiyani? Muno ndi mumsika?"

Maso awo anadutsa Yun-sil, anadutsa Tae-gon, n'kukaima pa mayi wa tsitsi loyera uja. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako nkhalamba inatembenuka mwachangu chomwe Yun-sil anali asanachione kwa zaka, n'kulunjika pakona potentha paja. Dzanja linalowa pansi pa bulangete. Linatuluka ndi mbale yachitsulo. Anaikumbatira pachifuwa ndi mkono umodzi, winawo akudzikankha nawo pansi.

Tae-gon anagwada, nkhope itawala, manja onse awiri atatambasula.

"Mwaona? Mwaona nokha? Amayi, ndine, ndabwera."

"Pepani bambo, tapatukani," anatero Amayi mwaulemu, ngati akulankhula ndi munthu wapamsewu.

Anamulambalala. Anaika mbale patebulo, pamwamba penipeni pa mapepala aja, patsogolo pa mlendoyo. Anavundukula chivindikiro, nthunzi n'kukwera.

"Idya msanga," ananong'ona, akuyang'ana kukhomo mwamantha. "Idya bambo ako asanabwere."

Mayi wa ku Busan sanakhudze mbaleyo. Mawu ake anatuluka okhakhala ngati mpeni panola.

"Tsiku lija munali m'khitchini. Utsi ndinauona. Ndinakuitanani, Amayi, ndinakuitanani mpaka mawu anatha. Simunatuluke."

Amayi anakwinya nkhope ngati munthu wofunafuna kanthu m'madzi akuda.

"Ndimapakula," anatero. "Ndinati mwana wayenda mtunda wautali, adye kaye. Ndimakupakulira mpunga. Potuluka, unali utapita. Ndinathamanga mpaka pamlatho, mbale ili m'manja."

"Mbale ya mpunga," anatero mayiyo. "Moyo wanga wonse, inu mbale ya mpunga. Mukuganiza kuti yakwana? Mukuganiza kuti ndinkakhuta kumeneko chifukwa inu mwabisa mpunga m'bulangete?"

Koma Amayi anali atabwerera kale mu chifunga chawo chija. Anangoona kuti mwana sakudya. Anamukankhira sipuni m'dzanja, n'kumutsina pamkono mwamphamvu.

"Idya, iwe! Uzizira."

Mayiyo anayang'ana pomwe anamutsinapo. Anatapa mpunga, nauika m'kamwa, n'kuutafuna mokwiya ngati akutafuna miyala, misozi ikugwera m'mbale momwemo. Sananene kuti wakhululuka. Koma anatapanso kachiwiri.

Yun-sil anatsamira khoma. M'mawa uliwonse uja, mpunga wouma m'mphepete uja, amene ankaumeza akutukwana mchimwene wake mumtima, sunali wa mchimwene wake. Ankadya gawo la munthu amene anapereka msana wake iye asanabadwe. Mkwiyo sunachoke, koma unasuntha pakhosi paja, ndipo anapuma mpweya wonse mpaka pansi pa chifuwa.

Tae-gon anali akadali chigwadire, manja ali pamaondo. Anasolola mapepala ake pansi pa mbale. Pepala la pamwamba linali litanyowa ndi nthunzi.

"Ndikalankhula ndi loya wanga."

"Kalankhule naye," anatero mayiyo m'kamwa muli mpunga. "Wanga ndinalankhula naye ndisanakwere basi. Akuuza zomwezo, koma akulipiritsa."

Tae-gon anayang'ana Amayi, mwina akudikira kuti amuzindikire. Iwo anali kalikiliki kutola timbewu ta mpunga tomwe tinagwera patebulo. Anaimirira, navala jekete, ndipo pakhomo analankhula akuyang'ana nsapato zake.

"Uwaimbire a kunyumba ya okalamba aja mawa, Yun-sil. Uwauze asunge bedi. Minda ilipira. Ndibwera ndi pepala lina."

"Ndi la nyumba lomwe, achimwene."

"Ndamva! Ndi la nyumba lomwe!"

Anamumva akuponda maapulo pabwalo, kenako akulimbana ndi geti, kulikoka, kulimenya, kulitukwana. Yun-sil anatsegula windo.

"Linyamuleni kaye, abwana! Ana a nyumba ino amadziwa!"

Galimoto itapita, basi yamadzulo inatulukira pakona, n'kuchedwa pakhomopo monga mwa masiku onse. Mutu wa bambo Gil unaonekera pamwamba pa mpanda. Yun-sil anaganiza za Amayi ali pabedi loyera, pawindo loyang'ana kuphiri, iye akupita kukawaona atakwera basi imeneyo, mpando wakutsogolo, ndipo madzulo n'kubwerera kunyumba yake, kugeti lake lamakani. Anakweza dzanja pang'ono. Basi inatsala pang'ono kulowa m'ngalande.

Anatseka windo n'kukhala pansi moyang'anana ndi mlendo uja. Mbale inali itatsala pang'ono kutha. Kathumba ka chidindo kanali kakadali komanga patebulo.

"Achemwali," anatero. Mawuwo anali achilendo m'kamwa mwake, ngati chipatso chimene sanalawepo. "Sindingamakuitaneni kuti mayi a ku Busan. Dzina lanu ndani?"

Mayiyo anapukusa mutu.

"Linatsala pageti paja. Ndimangoliona pamapepala a boma. Pakamwa pa munthu sindinalimvenso chichokereni muno, ndipo sindikudziwa ngati ndingayankhe wina ataliitana."

Amayi anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Yun-sil monyansidwa.

"Iwe nesi, mutu wako ukuyenda bwino? Ukufunsa dzina la mwana m'nyumba ya amake?"

Anatambasula dzanja lawo, nasalaza tsitsi loyera lija kuchokera pachipumi kupita kumbuyo, monga amachitira ndi kamtsikana kamene kabwera kosewera katasokoneza tsitsi. Mayi wa ku Busan anaumitsa khosi, koma sanachotse mutu.

"Uyu ndi woyamba wanga," anatero Amayi. "Uyu ndi Yun-ok."